Musanaloze chala mfuti ya mnzanu

Anzanga osewera gemu yowomberana ya pafoni ya Call of Duty: Mobile, mukaphedwa musamafulumire kukuwa kuti "mfuti iyi anaikondera!" Yambani mwaonera killcam, kakanema koonetsa mmene mdani wakupherani. Nthawi zambiri mupeza kuti munatulukira pakona mukuthamanga, mfuti italoza pansi, pomwe mnzanuyo anali atakutcherani kale pamutu.

Onaninso ping, nambala yoonetsa kuchedwa kwa netiweki yanu. Ikafika cha m'ma 150, mdani amayamba kukuwomberani inu musanamuone n'komwe. Pamenepo vuto ndi netiweki, ndipo ranked, gemu yopikisana yokwezera mulingo wanu, ndi bwino kuisiya kaye.

Mukakayikabe, tengani mfuti yomweyo, museweretse magemu khumi. Ngati nanunso mukugwetsa anthu ngati mango, dandaulo lanu n'lomveka, ndipo mfuti zotere opanga gemu amakonda kuzifooketsa season (nyengo ya gemu) ikasintha. Ine ndinayesa sabata yatha. Ndinaphedwabe ngati nkhuku.