Momwe mungayesere ndalama yakale ya ku Roma musanaigule

Amene akufuna kuyamba kutolera ndalama za mafumu a ku Roma ayambe ndi zasiliva, chifukwa aureus, ndalama yagolide imene inkasinthidwa ndi ndalama zasiliva 25 zotchedwa denarius, imagulitsidwa pa madola masauzande, pamene denarius yoperepeseka pang'ono ya Septimius Severus, amene analamulira kuyambira chaka cha 193 mpaka 211 AD, imapezeka pa madola makumi angapo popeza anasula zambirimbiri.

Mukaona ndalama imene mwaikonda, werengani zilembo zozungulira mutu wa mfumu, kenako muifananize ndi zimene zili pa OCRE, nkhokwe yaulere ya pa intaneti ya American Numismatic Society.

Pamene muyenera kudekha ndi pa kulemera kwake ndi m'mphepete mwake, ndipo apa ndi pamene ine ndinapsa. Denarius ya nthawi ya mafumu Augustus ndi Tiberius imalemera pafupifupi magalamu 3.8, ndipo Mfumu Nero atasintha ndalama m'chaka cha 64 AD inatsika kufika cha pa 3.4, aureus n'kukhala cha pa 7.3. Ndinagula denarius ya Tiberius, imene ambiri amati ndi mtundu wa ndalama imene Yesu anaonetsedwa atafunsidwa za msonkho wa Kaisara, kwa wogulitsa wina amene anaika zithunzi ziwiri zokha, cha kumaso ndi cha kumbuyo, pa mtengo wotsika moti ndinadziona wochenjera. Itafika inalemera magalamu 3.1, ndipo pansi pa galasi lokuzira ndinaona kamzere kozungulira m'mphepete monse, timaenje tating'ono pa tsaya la mfumu, ndi zilembo zofota ngati sopo wosungunuka. Aroma ankasula ndalama pomenya chitsulo ndi nyundo pakati pa zidindo ziwiri, choncho kamzere kotero kamatanthauza kuti wina anathira chitsulo chosungunula m'chikombole. Wogulitsayo sanayankhenso uthenga wanga. Chiyambire pamenepo sindilipira ndisanaone chithunzi cha m'mphepete ndi ndalamayo ili pa sikelo, ndipo kasikelo koyeza mpaka 0.01 ya galamu n'kotsika mtengo kuposa denarius imodzi. Wogulitsa amene amakana kubwezeredwa katundu, kapena ali ndi ndalama zingapo zofanana ndendende mpaka pamene zinang'aluka, musiyeni.

Dziwaninso kuti pali zabodza zimene zinapangidwa kalelo ndi Aroma anzawo, za mkuwa wokutidwa ndi siliva, zotchedwa fourrée. Zimagulika, koma pa mtengo wake.

Pa mtengo, onani zimene ndalama yofanana nayo inagulidwa pa okushoni posachedwapa, osati zimene ogulitsa akutchula. Funsani mapepala osonyeza kumene inachokera, makamaka ngati inali kale m'manja mwa wotolera wina chisanafike 1970, ndipo musaipukute ndi mankhwala alionse, chifukwa kudera kwa siliva wakale kumawerengedwa pa mtengo.