Musadikire tsiku lotsekera: mmene mungamalankhulirane ndi aphunzitsi a mwana wanu

Ambirife ku sukulu timakaonekera kawiri basi, tsiku lokalembetsa mwana ndi tsiku lomwe atiitanitsa kuti wapalamula. Kenako chaka chikatha lipoti fomu yabwera yoti abwereze kalasi ndiye tiyambe kukalipa, chonsecho vutolo linayamba kale teremu yoyamba.

Choyamba, sabata yachiwiri kapena yachitatu sukulu ikatsegulidwa pitani mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi yake. Osati ahedi ayi, ahedi sangadziwe mwana aliyense. Pitani pa buleki kapena akaweruka, osakawadula pakati pa phunziro. Apatseni moni bwinobwino, tchulani dzina la mwana, siyani nambala yanu ndipo funsani nthawi yomwe mungamawaimbire. Mmakalasi ambiri a pulayimale ana amapitirira 100, ndiye mwana amene kholo lake lafika aphunzitsi samuiwala.

Chachiwiri ndi makope. Olo kawiri pa sabata tsegulani muone deti lomaliza komanso ngati anachongeredwa. Ngakhale sukulu simunapite nayo patali cholembera chofiira mumachiona ndithu. Sabata yathunthu popanda cholemba chilichonse, kafunseni, mwina mwanayo akunyamuka mmawa koma akuthera panjira.

Chachitatu ndi mafunsidwe. Mukafunsa kuti "akukhoza?" yankho lake ndi "akuyesetsa", mubwerera opanda kanthu. Funsani kuti masamu akumuvuta pati, kuchulukitsa kapena kugawa? Akutha kuwerenga yekha? Makamaka akalowa Standard 5 pomwe maphunziro amayamba kuphunzitsidwa mchingerezi, ana ambiri amasokonekera pamenepa mwakachetechete ndipo zimadzaonekera pa mayeso a MANEB ku Standard 8 nthawi itatha.

Chachinayi ichi ndiye timalephera kwambiri. Auzeni aphunzitsi za kunyumba! Mwana anadwala malungo, kunagwa maliro, mtsinje unadzaza sanathe kuoloka, akudandaula kuti pa bolodi sakuona bwino, kapena mayi ake apita kukagwira ntchito kutali akukhala ndi agogo, mphunzitsi sangalote zimenezi ndipo akapanda kudziwa angomuyesa waulesi. Zina zovuta kukamba ndi aphunzitsi aamuna, monga za mtsikana amene watha msinkhu, dzerani kwa amayi a Mother Group, gulu la amayi lomwe limathandiza atsikana pa sukulu.

Nanunso aphunzitsi chonde musamatiitane pa zoipa zokha. Mwana akasintha tiuzeni, zimatilimbitsa mtima. Ndipo pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi ikanipo za homuweki ndi misonkhano ya PTA, koma malikisi a mwana tumizani kwa kholo lake lokha, osamuyalutsa pagulu. Makolo opanda foni kapena bandulo alembereni kakalata kumapeto kwa kope, iwo ayankhe pomwepo kapena asayine, mawa mwana abwere nalo.