Kuunika nambala ya 360,360 popanda kalikuleta

Achemwali ena a ku Yeoville, mumzinda wa Johannesburg, afunsa kuti mwana wawo wapatsidwa homuweki yoti apeze manambala amene angagawe 360,360 popanda chotsala, komanso anene ngati ili prime. Chitani chonchi, achemwali.

Yambani kumapeto. Yathera pa 0, choncho 2, 5 ndi 10 akugawa. Pomwepo mwadziwa kale kuti si prime, chifukwa prime imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi.

Kenako phatikizani 3+6+0+3+6+0, mupeza 18. Popeza 18 imagawika ndi 3 komanso 9, ndiye kuti 3 ndi 9 akulowa. Manambala atatu omalizira, 360, agaweni ndi 8, mupeza 45 popanda chotsala, choncho 8 nayenso akulowa.

Pokoma ndi apa, ndipo ana ambiri sapaona: 360 wabwerezedwa kawiri. Nambala iliyonse yotere, ya manambala atatu obwerezedwa, imagawika ndi 1,001, ndipo 1,001 ndi 7×11×13. Atatu onsewo alowa nthawi imodzi!

Mwanayo alembe kuti 360,360 ndi 2×2×2×3×3×5×7×11×13. Manambala onse oigawa alipo 192, ndipo kuyambira 1 mpaka 15 palibe wokana. Pa 16 ndi pamene zivuta, patsala 8.