Momwe mungabwezetsere ndalama zomwe banki idakudulani muli pa mavuto kuno ku UK

Chaka chatha maola anga a ntchito ku care home adachepetsedwa ndi theka, ndipo kwa miyezi isanu akaunti yanga idangokhala pansi pa ziro. Malipiro akalowa Lachisanu ankangokwirira dzenje la overdraft (ngongole yomwe banki imakupatsa akaunti ikapita pansi pa ziro), pofika Lachiwiri ndagweramonso, banki n'kumadulabe chiwongoladzanja pamwamba pake. Ndidadandaula, adandikana. Ndidadandaulanso, adandibwezera £412. Ambiri mwa ife ku Leicester, Manchester kaya Glasgow sitidziwa kuti njirayi ilipo.

Poyamba tiwongole nkhani. Musapite kukawauza kuti zomwe amadulazo n'zosaloledwa. Mlandu umenewo udatha pa 25 November 2009, pomwe khoti la Supreme Court lidagamula mokomera mabanki pa mlandu wawo ndi Office of Fair Trading, bungwe la boma lomwe pa nthawiyo linkateteza ogula. Khomo lomwe lidatsala ndi la mavuto a zachuma: malamulo a Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira mabanki, amati banki ikaona kasitomala akumira, imulezere mtima, isamusenzetse katundu wina. Kuyambira April 2020 mabanki adaletsedwa kulipiritsa overdraft pa tsiku kapena pa mwezi, ndiye zomwe ambiri tikudulidwa lero ndi chiwongoladzanja, chomwe m'mabanki akuluakulu ambiri chili pafupifupi 40% pa chaka. Kubwezeredwa si ngati malipiro oti mudagwirira ntchito. Muyenera kuwaonetsa kuti mudali pa moto ndipo iwo adathira palafini.

1. Tsegulani akaunti ina kaye

Itsegulidwe ku banki yosiyana, yosakhala pa ubale ndi yanuyo, ndipo malipiro azilowa kumeneko. Pemphani basic bank account, njaulere ndipo ilibe overdraft. Chifukwa chake n'chakuti banki yomwe muli nayo ngongole ikhoza kuchepetsa overdraft yanu, kapena kutapa mu akaunti yanu ina kuti idzilipire. Lendi isakhale m'manja mwa munthu amene mukukangana naye.

2. Werengetsani zomwe adadula

Masitetimenti ali mu app. Akale omwe sakuoneka, lembani kuti mukufuna subject access request, pempho loti akupatseni zonse zomwe amasunga zokhudza inu: njaulere ndipo ayenera kuyankha pasanathe mwezi. Mutha kubwerera m'mbuyo zaka 6, koma olo mutero, mphamvu ya dandaulo ili pa miyezi yomwe mudali pa mavuto enieni. Musasindikize zonse ngati ine, ndidataya £9 ku laibulale pa mapepala omwe palibe adawafuna. PDF imakwana.

3. Onetsani kuti mudali pa mavuto

Apa ndi pomwe ndidapunthwa, ndiye khalani pansi.

Ndidayimba foni ndili m'basi, ndikuchokera ku shifiti ya usiku. Mayi wa ku banki adandifunsa mwaulemu ngati zinthu zikuyenda. Ine, mwana woleredwa bwino, ndidayankha monga timayankhira kwathu ngakhale tagona ndi njala: ndili bwino, ndikuyesetsa. Adafunsa ngati ndikukwanitsa lendi. Ndidati eya, osatchula kuti lendiyo ndidakongola kwa mlamu wanga. Adafunsa za council tax, ndidati ndatsalira pang'ono chabe, pomwe kalata yachiwiri yochenjeza idali m'chikwama changa nthawi yomweyo. Manyazi. Mafoni amenewa amajambulidwa, ndipo patatha masabata atatu mawu anga omwe adabwerera m'kalata yondikana: kasitomala adanena yekha kuti akukwanitsa.

Sitetimenti nayonso idandipereka. Mwezi wina mudalowa £600 ya chipereganyu chathu cha anthu asanu ndi mmodzi, iwo adaiwerenga ngati ndalama yomwe ndimapeza. Ndiye mwezi uliwonse munkatuluka £80 yopita kumudzi, iwo adaiyika m'gulu limodzi ndi zosangalatsa. Sadziwa kuti imeneyo ndi ya mankhwala a shuga a mayi anga ndi fizi ya mwana wa malemu achemwali. Adziwa bwanji ngati suwauza?

Cholakwa chachitatu: pa foni ija sindidanene kuti ndikupereka dandaulo, ndidangopempha thandizo. Nenani kapena lembani mawu oti "formal complaint", chifukwa banki ili ndi masabata 8 oyankha dandaulo ndipo mukufuna pasakhale mkangano wa tsiku lomwe adayamba kuwerenga.

Ulendo wachiwiri sindidayimbenso foni. Ndidapita kaye ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu, komwe tidalemba bajeti ya zolowa ndi zotuluka mzere ndi mzere. StepChange ndi National Debtline amachitanso zomwezo, onse mwaulere. Kenako ndidasonkhanitsa umboni: mapayslip osonyeza kutsika kwa maola, makalata a council tax, uthenga wa kampani ya magetsi, ndi madirect debit omwe adabwezedwa chifukwa mudalibe ndalama. Mabanki amayang'ana kwambiri ngongole zomwe zingakutulutse m'nyumba kapena kukudulitsa magetsi ndi gasi, ndiye zimenezo zikhale patsogolo. Za chipereganyu ndidafotokoza m'mizere iwiri, kuti ndi ndalama zanga zomwe ndidasonkha miyezi yam'mbuyo ndipo ndikusonkhabe. Za kumudzi ndidalemba mosabisa, yani ndi ya chiyani. Ngati mudadwala, mudaferedwa, banja lidatha kapena ntchito idatha, lembani. Ngati mudakongola katapila kuti mugule chakudya, lembaninso, si nthawi yodzisungira ulemu ino.

Funso lomwe aliyense amandinong'oneza ndi la viza. Kudandaula ku banki kapena kwa ombudsman (ofesi yoweruza madandaulo a makasitomala a mabanki) si kulandira public funds, thandizo la boma lomwe maviza ambiri amaletsa. Chomwe muyenera kufunsa ndi credit file yanu, mbiri ya ngongole zanu yomwe obwereketsa amaiona, chifukwa mukagwirizana zobweza ngongole pang'onopang'ono zikhoza kulembedwamo.

Pano ndichenjezeko. M'magulu athu a WhatsApp mumadutsa anthu oti "titumizireni masitetimenti tikutolereni ndalama zanu". Makampani ovomerezeka a ntchito imeneyi amaloledwa kutenga mpaka 30% pa ndalama zochepa ngati zangazi, VAT pamwamba, pa kalata yomwe mungalembe nokha pa nthawi ya tiyi. Ena sali ngakhale m'kaundula wa Financial Conduct Authority. Wina adandipempha £50 yoyambira pamodzi ndi password ya app yanga. Ndidamubloka.

4. Lembani kalata

Tsamba limodzi. Nambala ya akaunti, mavuto adayamba liti ndipo chifukwa chiyani, adadula zingati, mukufuna abweze zingati, ndiponso kuti ayimitse chiwongoladzanja pomwe akuunika nkhaniyo. Onjezani kuti iwo ankaona okha akaunti ikugona mu overdraft mwezi ndi mwezi koma sadachitepo kanthu. Tumizani pa imelo kapena pa fomu ya madandaulo ya pa webusaiti yawo, sungani kope.

5. Akayankha

Akhoza kukupatsani kachidutswa n'kumati ndi "goodwill". Ine adayamba ndi £75. Simukakamizidwa kulandira, funsani momwe awerengera.

6. Akakana, kapena masabata 8 akatha ali chete

Pitani ku Financial Ombudsman Service. Njaulere, fomu ili pa intaneti, ndipo muli ndi miyezi 6 kuchokera pa tsiku la kalata yawo yomaliza. Auzeni ngati muli pa mavuto aakulu panopa kuti aifulumize. Ine sindidafikeko, banki idasintha maganizo itaona bajeti ija.

Musayambe kugawa ndalamazo zisanafike. Ngati overdraft ikadalipo, zimayamba zakwirira dzenjelo. Pa £412 yanga, yomwe ndidaigwira m'manja ndi £37.