Momwe mungaphunzirire kompyuta kuyambira pansi: gwirani kaye fayilo, Word ibwera pambuyo

Munthu akaganiza zophunzira kompyuta amathamangira Word ndi Excel, poti ndiwo mayina amene amawaona pa zotsatsa ntchito. Komatu anthu amene ndawaona atagwira njakata pa kompyuta, ambiri sikuti alephera kulemba kalata ayi. Kalatayo alemba bwinobwino, aisunganso, koma mukawafunsa kuti ili pati, maso ali mwazumwazu pa sikirini. N'chifukwa chake ndondomeko ili m'munsiyi ikuyamba ndi manja, kenako mafayilo, mapulogalamu a muofesi pambuyo. Ndikufotokoza za Windows chifukwa ndi imene muipeze m'maofesi ambiri. Ngati yanu ndi ya Apple, pamene ndanena Ctrl inu nthawi zambiri muzidina Command.

Choyamba: manja azolowere

Kuyatsa n'kosavuta, batani lake ndi limodzi. Pozimitsa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Musamazimitse pokanikiza batani lija mpaka sikirini ide. Pitani pa Start, dinani chizindikiro cha Power, musankhe Shut down, kuti kompyuta itseke yokha zonse zimene inatsegula.

Mausi ili ndi ntchito zinayi. Kudina kamodzi batani la kumanzere n'kusankha chinthu. Kudina kawiri mofulumira n'kuchitsegula. Kudina la kumanja kumabweretsa mndandanda wa zonse zimene mungachite ndi chinthucho, ndipo mukasowa kolowera, yesani limeneli kaye. Yachinayi ndi kukoka: mumakanikiza la kumanzere osalisiya, n'kusuntha mausi. Wongoyamba kumene amavutika ndi kudina kawiri chifukwa dzanja limagwedezeka pakati pa kudina koyamba ndi kwachiwiri, ndiye m'malo motsegula fayilo amangoikhwekhwereza. Tsamiritsani chikhatho patebulo, chala chokha ndicho chiziyenda.

Tsopano papasani kiyibodi. Pa F ndi pa J pali timizere totukuka. Pamenepo ndi pokhala zala ziwiri za mkombaphala. Zala zinayi za kumanzere zikhale pa A, S, D ndi F, za kumanja pa J, K, L ndi batani lotsatira, zala zazikulu zikhale pa batani lalitali lolekanitsira mawu. Kasanjidwe ka zilemboka, kotchedwa QWERTY potengera zilembo 6 zoyambirira, kanachokera ku matayipi a m'ma 1870, choncho musafunefune nzeru yake, ingozolowerani. Masiku oyamba muzitayipa pang'onopang'ono kuposa mnzanu wojompha ndi zala ziwiri ngati nkhuku. Pirirani. Mphindi 15 tsiku lililonse, osayang'ana zala, zimaposa kukhalapo Loweruka lonse kamodzi pa mwezi.

Chilembo chachikulu chimodzi chimalembedwa pogwira Shift, osati kuyatsa ndi kuzimitsa Caps Lock. Backspace imafufuta za kumanzere kwa kamzere kothwanima kosonyeza pamene mukulemba, Delete za kumanja.

Chachiwiri: dziwani kumene zinthu zanu zimagona

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo dala.

Kompyuta imasunga zinthu m'malo awiri. Pamene mukulemba, zimene mukulembazo zili mu RAM, yomwe imakumbukira pokhapokha magetsi alipo. Akangothima, yaiwala. Zimalowa mu disiki, momwe zimakhalitsa, mukazisunga. Ndiye chizolowezi choyamba ndi ichi: mukangotsegula tsamba latsopano, musanalembe ngakhale moni, gwirani Ctrl n'kudina S, mulipatse dzina, muone bwinobwino foda (chikwama chosungiramo mafayilo mu kompyuta) imene likulowa. Kenako muzidina Ctrl ndi S ndime iliyonse ikatha, mpaka chala chiziyenda chokha.

Kuti muone mafoda anu, gwirani batani la chizindikiro cha Windows n'kudina E. Patseguka File Explorer. Mupeza Documents, Downloads, Desktop ndi Pictures. Chilichonse chimene mwatenga pa intaneti kapena mu imelo chimagwera mu Downloads pokhapokha mutachiuza kwina. Lowani mu Documents, dinani batani la kumanja pamalo opanda kanthu, musankhe New kenako Folder. Pangani atatu: Ntchito, Makalata, Maphunziro. Desktop, sikirini yoyamba imene mumaona mukayatsa kompyuta, musaisandutse dzala.

Dzina la fayilo lizinena zimene zili m'kati. "Document1" ndi "yatsopano yeniyeni yomaliza 2" sizidzakuthandizani pakatha miyezi itatu. Ine ndimayamba ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako mutu, mwachitsanzo "2025-03-14 lipoti la msonkhano". Mukatero mafayilo amadzisanja okha malinga ndi nthawi. Kusintha dzina n'kusankha fayiloyo n'kudina F2.

Kusiyana kwa Save ndi Save As ndinakuphunzira mowawa. Nditangoyamba ntchito ndinatsegula lipoti la mwezi wapita kuti nditengereko kalembedwe, ndinafufuta zakale, n'kulemba zatsopano, n'kudina Save. Lipoti lakale lija linapita basi, zatsopano zinakhala pamwamba pake, ndipo mawa lake abwana analifuna. Save imalemba pa fayilo yomweyo. Save As imapanga ina yatsopano, yakale n'kutsala mmene inalili. Mukafuna kutengera chikalata chakale, yambani ndi Save As musanakhudze chilembo ngakhale chimodzi.

Timichira ta kumapeto kwa dzina timauza kompyuta pulogalamu yotsegulira: .docx ndi ya Word, .xlsx ya Excel, .pptx ya PowerPoint, ndipo mitundu itatuyi inayamba ndi Microsoft Office 2007, gulu la mapulogalamu amenewa. Chimene mwafufuta chimakayembekeza mu Recycle Bin, mutha kukachibweza. Koma chimene mwafufuta pa fulashi nthawi zambiri sichidzera kumeneko, chimangopita. Fulashi musaizule ngati mukuzula chingwe: dinani batani la kumanja pa dzina lake, musankhe Eject. Ndipo chikalata chofunika chisamakhale pamalo amodzi okha. Pa malo osungira mafayilo pa intaneti, Google Drive imapereka 15 GB yaulere, OneDrive 5 GB, zokwanira makalata a zaka zambiri.

Mabatani anayi awa amagwira pafupifupi paliponse: Ctrl ndi C kukopa, Ctrl ndi X kudula, Ctrl ndi V kumata, Ctrl ndi Z kubweza chimene mwangolakwitsa. Lomalizali ndi limene limachotsa mantha. Mukalidziwa mudzayamba kuyesa zinthu osaopa kuti muwononga.

Chachitatu: Word, polemba kalata yeniyeni

Musaphunzire Word poyendera mabatani ake onse. Tengani ntchito yeniyeni, monga kalata yofunsira ntchito, muilembe. Lamulo lake lalikulu n'lakuti sankhani kaye, lamulani pambuyo. Kokani mausi pa mawu amene mukufuna kusintha mpaka aphimbidwe ndi mtundu, kenako Ctrl ndi B kuti anenepe, Ctrl ndi I kuti apendekeke, Ctrl ndi U kuti akhale ndi mzere kunsi.

Pali zizolowezi ziwiri zochokera ku tayipi zimene muyenera kuzitaya. China ndi kudina Enter kumapeto kwa mzere uliwonse. Word imatsika yokha; Enter ndi ya pothera ndime. China ndi kukankha mawu ndi batani lalitali lija kuti afike pakati kapena kumanja. Pa sikirini yanu zioneka zowongoka, koma akatsegula pa kompyuta ina zonse zili balalabalala. Ctrl ndi E imaika pakati, Ctrl ndi R kumanja, Ctrl ndi L kumanzere. Tsamba latsopano limayamba ndi Ctrl ndi Enter, osati kudina Enter ka 20. Mukafuna kuona zobisika, dinani chizindikiro cha ¶ pa Home, pamwamba pa Word: mpata uliwonse uoneka ngati kadontho, ndipo mudzaona nokha pamene munabera.

Mukamalemba Chichewa tsamba lonse lidzadzaza ndi timizere tofiira tokhotakhota. Simunalakwitse, Word ikungoyerekeza mawu anu ndi mtanthauziramawu wa Chingerezi. Dinani Ctrl ndi A kusankha zonse, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, muchonge pamene akuti isayang'ane kalembedwe. Kwa amene mumalemba ŵ wa kachipewa, lembani 0175, musankhe manambala anayiwo, mudine Alt ndi X. Kusankhako n'kofunika, chifukwa m'mawu ngati "maŵa" Word imatenga "a" wa m'mbuyo uja ngati gawo la nambala, chilembo osatuluka.

Lipoti lalitali, mitu yake muziipatsa Heading 1 ndi Heading 2 pa Styles m'malo moikulitsa pamanja. Mukatero, pa References pali Table of Contents imene imakulemberani yokha tsamba la zam'kati. Musanapulinte onani pa Layout, Size, kuti pepala ndi A4, chifukwa makompyuta ena amabwera atatchera Letter, pepala la ku America lomwe ndi lalifupi pang'ono. Kalata yotumiza kwa ena isungeni ngati PDF, mtundu wa fayilo yongowerenga, kudzera pa Save As, kuti ikafike mmene mwaikonzera.

Chachinayi: Excel, muilole iwerengere yokha

Excel imaopsa poyiona koma maziko ake ndi ochepa. Tsamba lake ndi timabokosi. Makolamu, otsika pansi, ali ndi zilembo. Mizere, yopita cham'mbali, ili ndi manambala. Kabokosi kalikonse kali ndi keyala yake: B2 ndi pamene kolamu B yakumana ndi mzere 2.

Yesani izi. Mu A1 lembani Dzina, mu B1 Masamu, mu C1 Sayansi, mu D1 Zonse. Kunsi kwake lembani mayina asanu ndi malikisi ongopeka. Mu D2 lembani =B2+C2 mudine Enter. Chizindikiro cha = ndicho chimauza Excel kuti apa ndi powerengera; mukachiiwala, imangoonetsa zimene mwalembazo. Tsopano sinthani nambala ya mu B2 muone D2 ikusintha yokha. Mphamvu yonse ya Excel ndi imeneyo. Munthu amene amawerengera pa foni n'kudzalemba yankho mu kabokosi ali ngati wogula njinga n'kumayenda atayisenza.

Dinani D2, muone kadontho ka pakona ya kumunsi kumanja. Kakokereni pansi mpaka D6, ndipo mzere uliwonse upeza yankho lake. Mu B7 lembani =SUM(B2:B6) kuti muphatikize kolamu yonse, kapena =AVERAGE(B2:B6) kuti mupeze avereji. Ngati pali kabokosi kamodzi kamene mizere yonse iyenera kulozako, tinene F1, kalembeni $F$1 kuti kasasunthe pamene mukukoka. Batani la F4 limaika zizindikirozo lokha.

Misampha yake ndi itatu imene imagwira aliyense. Mukaona ##### musaope, kolamu yangochepa. Dinani kawiri pa malire a zilembo pamwamba, itambasuka. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 Excel imaidula ziroyo chifukwa imaiona ngati nambala yowerengera. Yambani ndi kachizindikiro ka ' kuti iisiye mmene ilili. Wachitatu ndi woopsa: mukamasanja mayina kuyambira A mpaka Z mutasankha kolamu imodzi yokha, mayina atha kusuntha malikisi n'kutsala, aliyense n'kutenga za mnzake. Excel imafunsa kaye. Sankhani Expand the selection.

Zotsala

PowerPoint, yokonzera masamba (masilaidi) oonetsa anthu pa msonkhano, sifuna masiku ambiri kwa munthu amene wadziwa Word. Ganizo limodzi pa silaidi iliyonse, mawu ochepa akuluakulu, ndipo zilembo zouluka ndi kuzungulira zija zisiyeni. F5 imayambitsa chionetsero, Esc imachithetsa.

Ngati mulibe Microsoft Office musagwe ulesi kapena kuika yakuba, yomwe kawirikawiri imabwera ndi vairasi. LibreOffice ndi yaulere ndipo sifuna intaneti mukaiika: Writer ndi mnzake wa Word, Calc wa Excel, Impress wa PowerPoint. Google Docs, Sheets ndi Slides nazo n'zaulere, zimagwira mu bulawuza, pulogalamu yolowera pa intaneti. Zambiri zimene mwaphunzira pamwambapa zimagwiranso kumeneko.

Pa imelo, yambani ndi kumata fayilo podina chizindikiro cha kawaya kopanira mapepala, kenako mutu, kenako uthenga, keyala ya wolandira pomalizira. Mukatsata dongosolo limeneli simudzatumiza "onani fayilo ili m'munsiyi" fayiloyo palibe. Reply imayankha munthu mmodzi, Reply All onse amene analandira, choncho yang'anani kawiri. Fayilo yochokera kwa munthu wosamudziwa ikakupemphani kudina Enable Content, itsekeni. Mukachoka pampando dinani batani la Windows ndi L kuti kompyuta ikiyike. Pulogalamu ikauma, dikirani pang'ono. Ikapitiriza, Ctrl, Shift ndi Esc zimatsegula Task Manager, momwe mungaitsekere ndi End task.

Kuti mudziyese, chitani izi popanda wokuthandizani. Pangani foda mu Documents, lembani kalata ya tsamba limodzi mu Word, muisunge mmenemo ngati .docx komanso ngati PDF. Pangani tebulo la mizere 10 mu Excel lokhala ndi SUM pansi pake, mulisunge momwemo. Dzitumizireni nokha PDF ija pa imelo. Zimitsani kompyuta podzera pa Start. Mawa muiyatse, mupeze mafayilo atatuwo kudzera mu File Explorer osatsegula Word kapena Excel, kenako mutsegule imelo ija, mutenge PDF, mukaipeze mu Downloads.