Mmene mungafunsire ntchito yongodzipereka kunja kudzera ku African Union

Mwafunsa njira yopitira kudziko lina kukathandiza pa ntchito za maphunziro ndi chitukuko popanda kulipira ndalama. Njira imodzi yodalirika ndi African Union Youth Volunteer Corps, pulogalamu ya achinyamata ongodzipereka ya bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa la African Union, yomwe inakhazikitsidwa ku Abuja m'dziko la Nigeria mu 2010 ndipo imatumiza achinyamata kukatumikira kwa miyezi 12 m'dziko lina la mu Africa.

Choyamba, onetsetsani kuti muli ndi zaka zapakati pa 18 ndi 35, ndinu nzika ya dziko lomwe lili m'bungwe la African Union, ndiponso muli ndi satifiketi ya maphunziro opitirira sekondale. Chachiwiri, sonkhanitsani umboni woti munagwirapo kale ntchito yongodzipereka, ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi, chifukwa ntchito ngati kuphunzitsa kusukulu ya mkombaphala kapena sukulu ya kwacha imafunika umboni wotsimikizika, monga kalata yochokera kwa amene ankakuyang'anirani. Kenaka konzani pasipoti msanga, dikirani chilengezo pa tsamba la bungweli, ndipo mulembe fomu pa intaneti nthawi isanathe. Osankhidwa amayamba alandira maphunziro asanatumizidwe. Aliyense wokuitanitsani ndalama pa WhatsApp kuti akupezereni malo ndi wakuba.