Khadi lachikasu musanakwere ndege pa Chileka

Amene mukupita ku Uganda, Ghana kapena DRC, bayitsani katemera wa yellow fever kudakali masiku 10 kapena kuposerapo. Khadi lachikasu limene amakupatsani mukabayitsa limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10, ndiye mukabayitsa lero n'kunyamuka mkuja, akhoza kukakubwezani pofika. Jekeseni ndi imodzi basi, ndipo kuyambira 2016 khadilo silitha ntchito, zoti limatha pakapita zaka 10 n'zakale.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi dzina. Lilembedwe ndendende ngati m'pasipoti, pakhalenso chidindo, siginecha ndi nambala ya katemerayo. Mukakhala maola opitirira 12 pabwalo la ndege ku Nairobi kapena Addis Ababa, kenako n'kupita ku South Africa, kumeneko akalifuna khadilo. Amayi oyembekezera, makanda osakwana miyezi 9 ndi omwe mazira amawawenga, ayambe aonana ndi dokotala.